Chitenje Changa ndi Tikabichi ta Malemu a Tembo

Njala ndikuidziwa ine Nachisale wa ku Dedza. Ndinaiona ikulowa pakhomo osaodira, ndinadya gaga, ndinagonapo ndi madzi okha. Koma chaka changa chachiwiri ku Toronto inandigwira njala ina, njala yoseketsa abale inu. M'mimba mokhuta, m'filiji modzaza, manja okha ndiye kulira. Ankalirira dothi. Chaka chimenecho ndikachikumbuka ndimaseka ndekha m'chikepe, azungu nkumandiyang'ana.

Febuluwale

Mwana wanga Edina ndi namwino, amachoka kuli mdima nkubwera maso ali psuu. Nyumba yathu ili m'mwamba ku North York, m'mwamba moti mbalame timaziona kumsana. Adzukulu akapita kusukulu, ine tsonga pawindo. Pansi mbuu, m'mitengo mbuu, kumwamba mbuu. Kwathu mwezi umenewu anthu ali kalikiliki kubandira, chimanga chikumasula ngayaye. Ine ndinkabandira mabulangete.

Tsiku lina kusitolo ndinanyamula kamtolo ka masamba, kamtolo kosakwana nkomwe mphika. Edina atandiuza mtengo wake ndinakabwezera pomwepo mwaulemu, ndinati pepani bambo, sindinadziwe kuti ndinu tambala wathunthu.

Lamulungu kutchalitchi anandikoka chitenje Amake Tisa. Amenewa ndi a ku Chipata, anzathu a kutsidya kwa malire, amayenda atatsamira kangolo ka mawilo chifukwa mawondo anawakana. Amuna awo a Tembo anali atatisiya chaka cha dzana.

"Anachisale, manja anu aja amalidziwa khasu?"

"Amake Tisa, khasu ndiye linandilera. Taonani zikhathozi, zayamba kufewa ngati za abusa."

Anaseka, kenako anatsitsa mawu. A Tembo anali ndi kadimba. Kuno kuli timinda tobwereka, todulidwa makonamakona m'munsi mwa nsanja za magetsi, munthu aliyense kake. Chimwalirireni a Tembo kadimbako kanasanduka tsala.

"Manje akomiti ananena kuti kakagoneranso chaka chino, apatsa wina. Anthu odikira ni ambiri. Ana anga ali bize. Ine nilibe manda a a Tembo pafupi, tinakawaika kumudzi. Malo amene nimawapeza ni paja chabe."

Anatulutsa kachitini ka mabisiketi. M'katimo munali timapaketi tiwiri ta mbewu, totsegula kale, topinda pakamwa ndi kupanidwa ndi pegi yoyanikira zovala. Anapinda ndi a Tembo, ndi dzanja lawo. Kena ndinakazindikira ndi chithunzi, burokoli uja wonga timitengo. Kenako panali chithunzi cha tizinthu tobulungira ngati masuku obiriwira. Dzina lake Amake Tisa analitchula, lilime langa linapunthwa, ndinagwa nalo. Ndinati basi, ine nditibatiza tikabichi.

Ndinabwera kunyumba ndikuyimba, kachitini kali pachifuwa. Munda ndaupeza, munda wandipeza, munda wa eni koma thukuta langa!

Malichi

Dothi tinachita kugula. Eee, kugula dothi m'thumba, ndi lisiti lomwe! Amayi anga akanauka akanabwereranso kumanda ndi phwete.

Kuno nazale amaika m'nyumba, poti panja ndi mwala wa ayezi. Ndinatola timakapu ta yogati ta adzukulu, ndinaboola kunsi ndi msomali, ndinafesa, ndinandandalika pawindo la kuchipinda kwanga. Mbewu zake zing'onozing'ono ngati za mpiru. Sabata isanathe, tuu, tuu, tuu, timitu tobiriwira! Ndinavina ndi sokosi kumapazi.

Ndiye dzuwa linayamba kulowa pagalasi, ngwee, kulunjika pa ana angawo. Mtima unati phaa. Inu nonse amene munalimapo dimba mukudziwa: nazale sitisiya padzuwa. Umazika timitengo ta mphanda, umayala udzu pamwamba, mbande zimakulira pamthunzi. Ndi mmene ndinachitira ndi repu, ndi mmene ndinachitira ndi fodya, moyo wanga wonse. Udzu kunalibe. Ndinatenga chitenje changa chofiira cha nkhanga, chija ndinavala paukwati wa Edina, ndinachimanga ku mipando iwiri, shedi inatheka yokongola kuposa ya udzu.

Edina anasuzumira nati, "Amayi, mukutsimikiza zimenezi?"

"Iwe ukabaya anthu jakisoni ine ndimakufunsa?"

"Okei, okei, alimi ndinu."

Ndipo zinakula, mayo ine zinakula! Tsiku lililonse kutalika, tsiku lililonse kutalika. Ndinkaimbira foni Amake Tisa kudzitama: "Ana a a Tembo atenga msinkhu wa bambo awo!"

Epulo

M'mawa wina ndinavundukula chitenje, ndinapeza zonse thapsa. Zazitali inde, koma zoyera ngati ulusi, zopanda msana, zagona m'mbali mwa makapu ngati oledzera pa maliro. Ndinazidzutsa ndi timitengo ta machesi, zinagwanso. Ndinaziyankhula, ndinazipempherera. Ayi ndithu.

Edina anaimba foni ija yoonana nkhope. Amake Tisa anati, "Tanionetsani." Anaona makapu. Kenako anaona mipando iwiri ndi chitenje.

"Anachisale, ni chani ico?"

"Shedi."

Anaseka mayi uja, anaseka mpaka kutsokomola, mpaka foni inagwera pamiyendo ine nkumaona denga la kwawo. "Shedi! Dzuwa la kuno lomwe timachita kulipempha ngati mchere, inu mwalitsekera kunja! Mbewu zinali kuthamangira kuwala, nchifukwa zatalika choncho. A Tembo anali kuziyatsira na getsi lomwe!"

Tinaseka tonse. Kenako phwete linatha lokha. Amake Tisa anafunsa pang'onopang'ono, "M'mapaketi mwatsala kanthu?"

Ndinagwedeza pafupi ndi khutu. Tsekete, tsekete. Tochepa, tosakwana kudzaza pachikhatho cha khanda.

Edina anati, "Amayi, musadandaule, mwezi wamawa mbande zikhala pa selo, ndikaodetsa zazikuluzikulu." Tinayankha pamodzi, wina ku North York wina pafoni: "Ayi!" Za kusitolo ndi za kusitolo. Izi zinadutsa m'manja mwa a Tembo.

Ndinadikira kuti mtima ukhale pansi, ndinafesanso mwezi uli kumapeto, imodziimodzi, ndikuyankhula nayo iliyonse. Chitenje ndinachipinda ndi kuchitsekera m'sutikesi. Ndinati khala mmenemo uganize zimene wachita.

Meyi

Mageti a timinda anatsegulidwa, madzi anayamba kutuluka m'mipopi. Ndinaphunzira basi yanga, yotsika pa sitolo ya matayala. Khasu la kuno mpini wake ndi wa munthu wosafuna kuwerama, koma m'bale wina wa ku Hamilton anali ndi khasu lenileni la kumudzi, limene ankangolikongoletsera pabalaza. Ndinalipempha. Linalira mosangalala litagunda nthaka.

Udzu unali wofika m'chiuno. Ndinasosa, ndinagalauza, ndinaunda mizere yanga yonenepa, yowongoka ngati mzere wa asilikali. Anzanga oyandikana nawo anabwera kudzaima pawaya. Kumanzere kunali mdala wa ku Italiya wa matimati, kumanja Mayi Vema a ku Jamaika. Mdala uja anavula chipewa, anachita chizindikiro cha mtanda, Mayi Vema nkufa nacho chiseko. Pambuyo pake Edina atabwera kudimba anandimasulira: mdalayo ankafunsa kuti m'mizeremo ndakwirira anthu angati.

Nanenso ndinabwezera. Ndinasuzumira kwa Mayi Vema, ndinapeza akubzala bonongwe. Bonongwe, abale, m'mizere, ndi kachingwe koyezera! Uja amamera yekha kuseri kwa khola! Ndinaloza, ndinagwira pamimba, iwo anagwira pamimba pawo. Ubale unayambira pomwepo, wopanda Chingerezi, wopanda Chichewa, wa manja ndi mano okha.

Ankadutsanso mayi wina wamtali wa komiti, wovala chipewa chachikulu ngati lichero. Ndinamutcha Nachipewa. Kwa ena ankaona zobiriwira, kwanga ankaona mizere yopanda kanthu.  Ankangoti "mm" nkupita. "Mm" ameneyo ndinkagona naye.

Juni

Mbande zatsopano zinakulira padzuwa, zazifupi, zojintcha, masamba okhuthala. Amake Tisa anati ndizizitulutsa pakhonde masana ndi kuzilowetsa madzulo kuti zizolowere mphepo. Ndinati ana a kuno ndi a kuno ndithu, ngakhale kabichi amafuna kumuperekeza.

Ndinawokera mochedwa, matimati a mdala atayamba kale maluwa. Ndinanyamula makapu m'beseni, beseni pamutu, kulowa nalo m'basi. Dalaivala anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ana, anatsegula chitseko chonse. Mzere wina burokoli, mzere wina tikabichi, ndipo ndinkathirira ndikuyimba:

Imwani, imwani, ana a Tembo,
dzuwa ndi lanu, sindibisanso.

Julayi

Kunatentha ngati ku Nsanje, ndani ananena kuti kuno nkozizira kokhakokha? Kunabwera agulugufe oyera, okongola ngati akwaya, kusiya mazira kuseri kwa masamba. Mbozi zake zobiriwira, zofanana ndi tsamba lenilenilo. Ndinkazitola ndi zala m'mawa uliwonse. Mayi Vema ankathawa, ine ndinkawathamangitsa nazo.

Burokoli anaika mitu! Mitu yolimba ngati chibakera. Mdala wa matimati ankandionetsa ndi chala pakhosi, kuti dulani, dulani. Ine ndinati iyayi bambo, kwathu kabichi timamudikira akule ngati mutu wa munthu. Ndinadikira. Loweruka ndi Lamulungu sindinapite, kunali ukwati ku Markham. Lolemba ndinapeza mzere wonse wachikasu waliwali, maluwa okhaokha, njuchi zikuchita msonkhano.

Amake Tisa anati, "A Tembo anali kulimira anthu, inu mwalimira njuchi."

Ndinadula maluwawo. Mulungu si munthu, m'mbali munaphuka timitu tina ting'onoting'ono, tinadya ndithu, adzukulu anatha mbale. Koma ulemu wa munda unatsalira pa tikabichi tokha.

Ogasiti

Mphekesera zinayamba kuyenda m'timinda ngati nyerere. Ena amati timinda tichepetsedwa. Ena amati pali banja limene ladikira zaka zambiri, ndipo alilonjeza kale malo a a Tembo. Ndinaonadi bambo wina wachilendo ataima pawaya wathu, akuyeza ndi maso. Ndinamupatsa moni, koma khasu sindinalisiye pansi.

Tikabichi tinkangotalika. Thunthu lonenepa ngati mkono, masamba ngati a fodya, mutu osaoneka. Ndinkasuzumira pansonga m'mawa uliwonse, ngati mmene umachitira ndi kabichi. Palibe. Ndinati kaya, mwina mbewu inakalamba. Koma tsamba ndi tsamba, silingapite pachabe ine ndili moyo. Ndinayamba kuthyola a m'munsi ngati repu, ndinatendera ndi nsinjiro. Kukoma kwake! Ndinatengera Mayi Vema m'kabakuli, iwo anandipatsa bonongwe wawo wa m'mizere.

Tsiku lina ndikuthyola, diso linagwera pamene tsamba lachoka. Kanthu kobulungira, kang'ono ngati njerewere. Pamwamba pake kena. Pamwamba pake kenanso. Thunthu lonse, kuzungulira! Ine kufunafuna pamutu, iwo akuberekera m'khwapa! Ndinalulutira mpaka mdala wa matimati anataya keni.

"Amake Tisa, bwanji simunanene?"

"Ine ninali kungophika, Anachisale. Kudimba ninali kupita kukakhala pa ndowa na kumulongolola mwamuna wanga."

Seputembala

Amake Tisa anakumbuka chinthu chimodzi: mwezi uno a Tembo ankadula nsonga. Ndinati ameneyo ndi fodya basi, ntchito ndikuidziwa. Ndinadula, kuti mphamvu itsikire mwa ana. Masamba a m'mitengo anayamba kufiira, atsekwe anayamba kudutsa kumwamba akukangana. Anzanga ankatuta maungu ndi mawilibala. Tikabichi tanga tinali ngati nzama.

Okutobala

Lamulo la timinda ndi lakuti mwezi uno ukamatha, madzi amatsekedwa, aliyense azule zonse, asiye poyera. Wosiya zinthu amatengedwa ngati wautaya munda. Ndikazula, mbewu yomaliza ya a Tembo ipita kudzala isanakhwime. Ndikasiya, Amake Tisa alandidwa malo. Zonsezi chifukwa cha mwezi uja unadyedwa ndi chitenje.

"Zulani chabe," anatero Amake Tisa. "Malo ni amene nifuna."

"Kwathu mbewu ya malemu sitizula isanabereke. Mundilole ndiyese."

Tsiku loti akomiti ayendere timinda ndinalawirira. Ndinazula zitsa za burokoli, ndinasalaza, ndinatenga tsache ndi kusesa munda wonse ngati bwalo la paukwati, mizere ya tsache ikuoneka. Pakati panatsala mzere umodzi, mitengo yanga ya tikabichi chilili. Tisa anabweretsa mayi ake pagalimoto. Anakankha kangolo kawo mpaka pamzerepo, anatembenuza ndowa, anakhalapo monga kale.

Nachipewa anafika ndi anzake awiri. Anaona pansi poseseka, anaona mzere, anati "mm". Ine ndinayankhula Chichewa changa chonse, Amake Tisa akumasulira, ndipo ndikukayika ngati anamasulira zonse, chifukwa zanga zinali zazitali zawo zazifupi. Mayi Vema analowerera ndi mawu okwera, manja m'chiuno. Mdala wa matimati naye anabwera, chipewa kumanja.

Nachipewa anawerama, anafinya kakabichi kamodzi ndi zala. Anayankhula nthawi yaitali.

"Akuti chiyani?"

"Akuti tikabichi sitinakhwime. Akuti tisiye mpaka mwezi wamawa. Kuli chakudya chotsekera chaka kuholo, ni komwe amanena amene atsala na amene achoka. Akuti tikabwere na zimene mzerewu wabereka, komiti ikaone."

Sanalonjeze, sanakane. Tinatsala m'malere ngati chovala pachingwe.

Novembala

Madzulo ena Edina anabwera akupukusa mutu. "Amayi, anena pawailesi kuti lero kugwa chisanu champhamvu."

Chisanu! Ine wa ku Dedza mundiuze za chisanu? Chimatsika m'dambo mwezi wa Juni, m'mawa umapeza mbatata yakuda bii, matimati ngati awathira madzi owira, chaka chonse chapita. Sindinafunse munthu. Ndinatsegula sutikesi, ndinatulutsa chitenje cha nkhanga, ndinasenza ndi bulangete, ndinavala jekete. Ndili pa chikepe foni inalira.

"Anachisale, muli kuti?"

"Ndikupita kukafunditsa ana."

"Na chani?"

Ndinapanira chitenje m'khwapa.

"Na chani, Anachisale? Ni chitenje chija? Mwachitulutsa m'ndende?"

"Afa ndi chisanu, Amake Tisa!"

"Bwererani! A Tembo anali kuchidikira chisanu ngati malipiro. Anali kunena kuti tikabichi tisanamenyedwe na chisanu timawawa, tikamenyedwa timatsekemera. Munabisa dzuwa, manje mufuna kubisa na chisanu chomwe? Khalani pansi, manja muwakhalire!"

Ntchito zonse ndagwirapo, koma yovuta inali imeneyo: kukhala pampando, chitenje pamiyendo, osachita kanthu. Manja ankayabwa. Ndinawakhaliradi.

M'mawa magalimoto onse pansi anali mbuu. Ndinakwera basi yoyamba. Kudimba udzu unkalira khwatya khwatya kumapazi. Mitengo yanga masamba lende, oyera, olimba ngati malata. Ndinati basi, ndamvera za ku Chipata, ndaphetsa ana. Ndinakhala pa ndowa ija, misozi ikuzizira m'masaya.

Dzuwa linakwera, dzuwa lomwe lija ndinalitsekera kunja. Chisanu chinayamba kudontha, dontho, dontho. Tsamba lina linadzuka. Lina linadzuka. Pofika masana onse anali chilili, obiriwira kuposa dzulo, ngati akundifunsa kuti agogo mukulira chiyani. Ndinathyola kamodzi, ndinaluma kosaphika. Mayo! Ngati wina wathiramo shuga usiku!

Chinagwanso chisanu, ndinachisiya. Chinagwanso, ndinachiuza kuti takulandirani. Tikabichi tinafufuma, tinalimba gwaa, tinafika pa masuku a pachithunzi paja.

Tsiku la kuholo ndinadula mitengo yonse patsinde, ndinasesa komaliza. Ina Edina anatenga kukawotcha mu uvuni ndi mafuta ndi mchere, mmene a Tembo ankakondera. Iwiri yonenepa koposa ndinaikaniza. Ndinayala chitenje cha nkhanga, ndinaigoneka kumsana, ndinamanga mfundo pachifuwa monga ndinkachitira ndi Edina ali khanda. Ndinalowa nayo m'basi choncho. Mayi wina anandipatsa mpando, atasuzumira kumsana anakuwa, basi yonse inaseka, ine ndinaimirira ndi kuwavinira pang'ono, dalaivala akuimba huta.

Muholo ndinalowa ndikuyimba nyimbo yanga ya kudimba. Ndinamasula mfundo, ndinagoneka mitengo patebulo pamaso pa Nachipewa. Anavula chipewa, tsiku loyamba kuona tsitsi lake. Anayendetsa chala pathunthu kuchokera pansi mpaka pamwamba. Sanati "mm". Anati "waaw".

Mbale ya Edina inazungulira, koma palibe anatola mpaka inafika kwa Amake Tisa. Anatenga kamodzi. Anatafuna pang'onopang'ono, maso otseka. 

"Ni tomweti," anatero. "Anachisale, ni tomweti."

Nachipewa atayamba kutchula amene atsala, ndinamva Chingerezi chikuyenda ngati mtsinje, osagwirapo kanthu. Kenako ndinamva "Tembo". Kenako lilime lake linapunthwa, linagwa, linadzukanso: "Na-chi-sa-li." Malo atsala, ndipo atsala pa mayina awiri. Nthungululu imene ndinaimba, Mayi Vema anayesa kutsanzira nkutsamwa ndi juwisi.

Amake Tisa anandikoka chitenje, chomwe chija, anapukutira misozi. Anati, "Chaka chamawa mbewu tigula kusitolo, palibe kanthu. Dzanja lopinda paketi lizakhala lanu." Ndipo anandiika m'manja pegi ija.

Ikadali m'kachitini pawindo langa. Malichi akafika ndimandandalika makapu, ndimatsegula makatani onse mbee, ndimaliuza dzuwa kuti lowani bambo, pano ndi panu. Chitenje chimakhala pamsomali kuseri kwa chitseko, kudikira Novembala.